Lekodi ya Alamu Anga

Anthu okonda jazi ku Chipata ndife ochepa, moti kwa zaka zingapo tonse tinkakwana pa benchi imodzi. Benchiyo inali pakhonde la kuseri kwa shopu ya nsalu ya aHaji, mkulu wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi. Lamlungu masana, ife Akatolika titachoka ku Misa ndi kudya, tinkakumana pamenepo. AHaji ankatulutsa galamafoni yawo, akazi awo n'kutitumizira tiyi wa jinja ndi masamusa, ndiye tinkamvera mabandi akuluakulu aja, a malipenga m'mizere m'mizere, mpaka dzuwa litapendeka. Mkazi m'gululo ndinali ine ndekha. Poyamba ankandilola chifukwa cha malemu amuna anga, amene ankakonda kupita nane. Amuna anga atamwalira ndinapitirizabe kupita, ndipo amunawo anangozolowera, ataona kuti sindichoka komanso kuti pakamwa panga sipasunga mawu.

Ndati tinkamvera, koma ndanama pang'ono. Amene tinkamveradi tinali atatu: ine, aHaji, ndi alamu anga. Awiri enawo ankabwera kudzalankhula. Mmodzi anali mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wofatsa amene ankadziwa chaka ndi mzinda umene lekodi iliyonse inadindidwira, koma amene sindinamuonepo akugwedeza phazi. Winayo anagwirapo ntchito ku banki ina ku Lusaka, ndipo ngakhale kuti sanafikepo pa umanijala, ankakonda kuti tiziwatcha a Manijala. Tinkawatcha choncho, poyamba mowaseka, kenaka dzinalo linangokakamira.

Nkhani za awiriwa zinkandichititsa nseru. Bandi ikulira, malipenga akuyankhana ndi masakisi, masakisofoni aja, mpaka tsitsi kunyamuka, iwo ali kalikiliki kukangana ngati kapepala ka pakati pa lekodi n'kofiira kwenikweni kapena kofiirira.

"Iyi si orijinolo, aHaji," a Manijala ankatero, atagwira chikuto ndi nsonga za zala ngati chili ndi matenda. "Onani pakona apa. Yanga ija kunyumba ilibe ngakhale kakhwinya."

"Nanga yanuyo imalira mosiyana?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Manje imwe madamu, kulira n'chinthu china, kondishoni n'chinthu china."

"Tibweretsereni Lamlungu likubwerali timve kondishoniyo."

Anaseka, n'kunena kuti malekodi awo sayenda pa fumbi. Mawu amenewa ankawanena monyada, monga mmene ena amanenera kuti mwana wawo ali ku yunivesite. Kunyumba kwawo anali ndi shelefu yodzadza khoma lonse, lekodi iliyonse m'kathumba kake ka pulasitiki, ndipo palibe wa ife amene anamvapo ngakhale imodzi ikulira. Ankati singano imadya lekodi. Nthawi iliyonse imene waiika, akuti imapala pang'ono, ndipo chimene chapalidwacho sichibwereranso. Mwina n'zoona. Mpeni nawonso umatha ukamanoledwa, koma sindinaonepo munthu akudya nyama yosadula pofuna kusunga mpeni.

Alamu anga anali mkulu wawo wa amuna anga. Paunyamata wawo anagwira ntchito pansi pa mgodi ku Kopabeloti, ndipo Loweruka ankaimba mu bandi ya dansi ya ogwira ntchito kumeneko. Chida chawo chinali tulomboni, lipenga lalitali lija lokoka ndi kubweza. Sanaphunzire kuwerenga nyimbo papepala. Zonse anaphunzira ndi khutu, ndipo mphunzitsi wawo wamkulu anali lekodi imodzi ya bandi ina ya ku Joni, imene mnzawo wina anawabweretsera. Pa nyimbo yoyamba ya lekodiyo, akuti malipenga onse amakhala chete pakati, n'kutsala tulomboni yekha akulankhula. Alamu ankati anabwereza malo amenewo mpaka anansi anawadandaula kwa kapitawo wa komboni. Nkhaniyi ankaikonda, ndipo poifotokoza dzanja lawo lamanja linkayamba kukoka lipenga losaoneka.

Atapuma ntchito anabwerera kuno, n'kukakhala m'kanyumba ka lendi ku Nabvutika. Lipenga linali la kampani, choncho analisiya komweko, koma malekodi anabwera nawo m'katoni. Galamafoni yawo inali itafa kale, ndipo lekodi ya ku Joni ija sanabwere nayopo pa benchi, ankangotifotokozera. Chaka china mvula inachuluka, denga la kanyumbako linayamba kudontha paliponse, ndipo mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga kuti azikakhala naye ku Madzimoyo, kumene amalima chimanga ndi mtedza. Kumeneko kulibe magetsi, ndipo chiswe ndi chambiri. Alamu anaona kuti malekodi akaonongeka, ndiye Lamlungu lina anabwera ndi katoniyo pa njinga ya hayala n'kuiika pamapazi pa a Manijala.

"Inu ndinu odziwa kusamala," anatero. "Tengani, ndi anu. Ine ndikafuna kumva, ndizibwera kudzamvera kwanu."

Ndinalipo, ndipo ndinamva ndi makutu angawa a Manijala akuyankha kuti, "Khomo langa ndi lanu, madala, nthawi iliyonse." AHaji anawonjezera kuti kupatsa n'kuika, tonse n'kuvomereza.

Sipanapite nthawi yaitali, mphwawo wa a Manijala amene amadziwa za intaneti anafufuza lekodi ya ku Joni ija. Anapeza kuti inadindidwa ndi kakampani kakang'ono kamene kanatha kalekale, kuti nyimbo zake sizipezeka pa foni kapena kwina kulikonse, ndipo kuti osonkhanitsa malekodi a kunja amaifunafuna osaipeza. Kuyambira tsiku limenelo a Manijala anasiya kuitcha lekodi ya madala. Inasanduka "pisi yanga ija." Anaigulira timatumba tiwiri, n'kuiika payokha m'kabati ya magalasi, pamene akazi awo ankaikapo makapu a alendo.

Pa nthawi yomweyo makutu a alamu anayamba kutseka. Lamanzere linafa kale chifukwa cha phokoso la makina a mumgodi, ndipo tonse tinazolowera kukhala kudzanja lawo lamanja polankhula nawo. Tsopano lamanjalo linayambanso kuthawa. Ndinawaperekeza kuchipatala, ndipo dokotala atawayeza sanabise. Anati n'zaukalamba pamodzi ndi ntchito ija, sizibwerera, ndipo zipitirira. Potuluka alamu anandiuza kuti ankadziwa kale.

"Malipenga ang'onoang'ono andithawa, mlamu," anatero. "Atsala akuluakulu okha ndi ng'oma. Tulomboni ndimamumvabe. Ndikufuna ndikamumve uja wa ku Joni asanathawe nayenso."

Sanapemphe chinthu china. Sanafune kuti lekodiyo ibwerere kwa iwo, pakuti munthu wa msinkhu wawo salanda chimene wapereka. Ankangofuna kukhala pampando, wina aike singano, amve nyimbo imodzi. Lamlungu lotsatira ananena zimenezi pa benchi paja, mwaulemu, chipewa chili pabondo.

"Palibe pulobulemu, madala," anatero a Manijala. "Kungoti singano yanga yatha. Ndaitanitsa ina ku Lusaka. Ikangofika, ndikutumirani uthenga."

AHaji anati singano ya galamafoni yawo ili bwinobwino, abwere nayo lekodiyo pakhonde pomwepo. A Manijala anayang'ana galamafoniyo, n'kupukusa mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti agoneke khanda lake m'khola la nkhumba. Anati mkono wake ndi wolemera kwambiri, ungalime lekodiyo ngati pulawo. Aphunzitsi anavomereza kuti n'zoona, mikono ya magalamafoni a mtundu umenewo ndi yolemera, ndipo anayamba kufotokoza mmene amayezera kulemera kwake. Alamu ankayang'ana pakamwa pa uyu ndi pa uyu, akuyesa kutola mawu.

Singano ya ku Lusaka inachedwa ngati ikubwera wapansi. Itafika, magetsi anayamba kuvuta, ndipo a Manijala anati sangaike pisi yawo pa magetsi ongobwera ndi kupita, angazime singano ili pakati. Magetsi atakhazikika, inali nyengo yotentha, ndipo anati lekodi ikatentha imafewa. Mvula itayamba, anati mpweya uli ndi chinyontho. Sindikupeka zimenezi ayi. Munthu wamkulu, wa imvi zake, wopita ku Misa ndi kulandira Ukaristia, ankatiyang'ana m'maso n'kumanena zimenezi mopanda manyazi.

Alamu ankabwerabe Lamlungu lililonse kuchokera ku Madzimoyo, pa minibasi, atavala jekete yawo ya bulauni. Sankafunsanso. Ankangoyang'ana m'manja mwa a Manijala pofika, ndipo akaona kuti mulibe kanthu, ankakhala pansi n'kulandira tiyi. Sabata ndi sabata ankasendezera mpando wawo kufupi ndi sipika ya aHaji, mpaka khutu linatsala pang'ono kuigunda. Ine zinkandiwawa mumtima kuwaona choncho.

Tsiku lina ndinati ndiyese njira ina.

"A Manijala, iikeni kamodzi kokha, mphwanu aijambule pa foni. Alamu azikamvera ku Madzimoyo ndi timahedifoni, lekodi yanu n'kupuma mpaka kalekale."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Madamu, mudziwa chimene mukamba? Ikangolowa pa foni, mawa ili ponseponse. Aliyense ali nayo. Manje yanga izakhala ya chani?"

"Ya nyimbo," ndinatero. "Kapena munamva kuti anthu aja ku Joni ankaphulika masaya kuti inu mudzakhale ndi chinthu choika m'kabati?"

Aphunzitsi anatsokomola, n'kunena kuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Aphunzitsi ameneyo nkhani iliyonse inali ndi mbali ziwiri, ndipo iwo sankaima kumbali iliyonse. Ndinawauza kuti tsiku limene nyumba yawo idzapse ndidzabwera kudzawafotokozera mbali ya moto. AHaji anaseka mpaka kutaya tiyi, koma lekodi sinabwere.

Amene anathyola nkhaniyi anali aHaji omwewo. Ndi munthu wosakweza mawu, wozolowera kuyeza nsalu ndi kudikira kuti kasitomala asankhe. Lamlungu lina, alamu atapita kukakwera minibasi, aHaji anatsanulira a Manijala tiyi n'kunena mofatsa kuti, "Achimwene, benchi yangayi yayamba kuchepa. Munthu amene amamana nkhalamba chinthu chimene nkhalambayo inamupatsa, sindikudziwa ngati ndingamupezere malo Lamlungu likubwerali."

A Manijala anachita manyazi kwa nthawi yoyamba. Kunena zoona, sikunali kuchita manyazi kwenikweni, kunali kuopa. Popanda benchi ija akanauza ndani za kondishoni ya malekodi awo? Akazi awo anatopa nazo kale. Choncho anavomera, koma ndi malamulo: kunyumba kwawo, pa makina awo, nyimbo imodzi yokha, ndipo wogwira lekodi akhale iwo okha. Tinagwirizana Lamlungu la pambuyo pa Pasaka.

Sabata ya Pasaka alamu anadwala malungo. Mwana wawo anandiimbira foni kuti thupi lachira, koma makutu atsekeratu. Anati ngakhale tambala akalira pakhomo penipeni bambo satembenuka. Ndinamufunsa ngati tisinthe za Lamlungu, iye n'kuti ayi, bambo asitisa kale jekete, akuti mwina pa makina aakulu a a Manijala amvako kena kake. Ndinakhala pa bedi foni ili m'manja, ndikuwerengera mumtima nyengo zonse zimene zinatayika, ya singano, ya magetsi, ya kutentha, ya chinyontho. Ndionetsetse adathetsa nkhosa, koma a Manijala sanali kuonetsetsa ayi, ankadziwa bwino chimene akuchita.

Lamlungulo ndinakawachingamira pa siteji. Anatsika ataonda, jekete ikuwalendewera, nsapato atazipolisha. Ndinawalonjera, iwo n'kumwetulira ndi kuyankha mokweza kwambiri, monga amachitira anthu osamva. M'njira ndinalandira foni ya aHaji. Kunagwa maliro kumzikiti, ndipo popeza Asilamu amaika maliro tsiku lomwelo, anati sangathe kubwera. Anandipempha kuti ndiwapepesere kwa madala.

Nyumba ya a Manijala ili kumtunda, ya mpanda wa njerwa. Tinapeza aphunzitsi atafika kale. Pabalaza panali pozizira, makatani otseka kuti dzuwa lisagunde shelefu. Makinawo anali pakona, masipika awiri aatali ngati ana a sukulu, ndi galamafoni yonyezimira itavundikiridwa ndi nsalu. A Manijala analonjera alamu, ndipo alamu, amene ankayang'ana shelefu, sanayankhe. A Manijala anabwereza mokweza ali kumbuyo kwawo. Alamu sanatembenuke. Ndinaona a Manijala akuyang'ana aphunzitsi, koma pa nthawiyo sindinaganize kanthu.

"Makutu atsekeratu," ndinawauza. "Mukweze kwambiri, muwakhazike pafupi."

"Shuwa, madamu, musade nkhawa."

Mkazi akafika panyumba ya eni sangokhala pabalaza ndi amuna ngati alibe mwambo. Amayamba wapita kuseri kukalonjera mayi wa panyumbapo. Ndinakhazika alamu pampando, ndinawalozera kuti ndikubwera, n'kupita kukhitchini. Akazi a a Manijala ndi mayi wabwino, timapemphera limana limodzi la kutchalitchi kwathu. Ndinawapeza akusenda mbatata, ndipo anandikokera kampando. Anayamba kundifunsa za miyendo yanga, za ana, za mtedza wa ku Madzimoyo ngati wachita bwino chaka chino. Ndinkayankha, koma khutu limodzi linali kubalaza, kudikira kuti malipenga ayambe. Inenso ndinali ndisanaimvepo lekodiyo, ndipo ndinkafuna kuimva.

Mbatata zinatha kusendedwa, kubalaza kuli zii. Ndinaganiza kuti magetsi apita, koma filiji inali kulira pafupi nane. Ndinaganiza kuti mwina a Manijala akadali pa mwambo wawo wopukuta lekodi ndi kabulashi. Potsiriza ndinapepesa kwa mayiwo n'kudzuka.

Chimene ndinaona pakhomo la balaza sindidzachiiwala. Lekodi inali pa galamafoni, ikuzungulira bwinobwino, kuwala kukuyenda pamwamba pake. Mkono wa singano unali pamwamba pa lekodiyo, koma kachitsulo kotsitsira kanali kokweza, moti singano inali lende m'malere, osagunda kanthu. M'chipindamo munalibe phokoso lililonse. Alamu anga anali pampando pafupi ndi sipika, maso ali chitsinzinire, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono, dzanja lamanja likukoka ndi kubweza. A Manijala anali chiimire pambali pa makina, manja kumbuyo, ngati wansembe. Aphunzitsi ankayang'ana nsapato zawo.

A Manijala atandiona anaika chala pamilomo, n'kunditsinzinira diso.

"Asiyeni, akusangalala," ananong'ona. Kunong'ona, pamaso pa munthu amene sangamve ngakhale bingu! "Kaya ilire kaya isalire, kwa iwo ni chimodzimodzi. Manje tiiwonongere chani?"

Ndakhala zaka zambiri, ndaona anthu akulanda masiye mabulangete, ndaona ena akuseka pamaliro. Koma nseru imene ndinamva tsiku limenelo inali ya mtundu wina. Munthu uyu anaganiza zimenezi mofatsa, anaona kuti n'zanzeru, ndipo ankayembekezera kuti ine ndimuyamikire. Ndinayang'ana aphunzitsi, amene ankadziwa chaka cha lekodi iliyonse, ndipo sanadzutse mutu.

Ndisanatsegule pakamwa, alamu anatsegula maso. Ndikuganiza kuti anatopa kudikira kuti khutu ligwire kanthu. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kusanjika chikhatho chawo pa sipika, kuti mwina ng'oma aimve ndi dzanja. Anakhala choncho kanthawi. Anasuntha dzanjalo n'kuliika pansi pang'ono, pamene pamatulukira mawu aakulu. Kenaka anapita pa sipika inayo n'kuchita chimodzimodzi. Atatero anayandikira galamafoni, anawerama, n'kuyang'ana singanoyo cham'mbali. Munthu amene anaphunzira kuimba pa lekodi sangalephere kudziwa singano imene yatsika ndi imene sinatsike.

Anaweramuka. Anayang'ana a Manijala, kenaka aphunzitsi. Nkhope yawo inalibe mkwiyo. Inali nkhope ya munthu wamkulu amene wazindikira kuti wakhala akugwedeza mutu pamaso pa anthu m'chipinda chopanda phokoso.

Ndinadutsa a Manijala ngati palibe munthu, n'kugwetsa kachitsulo kaja ndi chala changa. Singano inatsika, panamveka kuthetheka, kenaka bandi yonse inalowa m'nyumbamo mwakamodzi. Malipenga anakuwa, masakisi anayankha pansi pake, ng'oma ikukankha zonse kumbuyo. Inali nyimbo yokoma kuposa mmene alamu ankafotokozera, ndipo zimenezo zinandiwonjezera ukali.

"Madamu! Madamu, simunaiike bwino!" a Manijala anakuwa, akuvina pambali panga osadziwa pogwira.

"Mukaigwira ndikuswerani pamutu," ndinatero, ndipo ndikukhulupirira kuti ndikanachitadi.

Ndinagwira mkono wa jekete ya alamu n'kuwakokera ku sipika, ndikuwalozera kuti tsopano ikulira, aikepo dzanja. Anachotsa dzanja langa mofatsa. Anali atatola kale chipewa chawo.

"Iyayi, mlamu," anatero, mokweza kuposa bandiyo. "Ine sindinabwere kudzapemphetsa. Tiyeni tizipita."

Anapita pakhomo la khitchini, anavula chipewa, n'kuthokoza mayi wa panyumbapo chifukwa chowalandira. Mayiwo anali ataima ndi mpeni wa mbatata m'manja, akuyang'ana amuna awo, ndipo ndikuganiza kuti anamvetsa zonse popanda wowauza. Kwa amuna awiriwo alamu sanatsanzike. Tisanafike n'komwe pageti, nyimbo inaduka pakati. A Manijala anali atakweza singano yawo.

Tinatsika phirilo wapansi. Ine ndinkalankhula ndekha, ndikutukwana zinthu zimene mkazi wa limana sayenera kuzidziwa, ndipo mwayi wake alamu sankamva. Dzuwa linali likadali lotentha. Anyamata a njinga ankatiitana, koma alamu anapukusa mutu, ankafuna kuyenda. Pa benchi ya aHaji sanadzabwererenso, ndipo inenso ndinasiya kupitako pamene ndinamva kuti aphunzitsi akupitabe, akufotokozera anthu kuti nkhaniyo inali ndi mbali ziwiri.

Pa siteji minibasi ya ku Madzimoyo inali isanadzadze. Tinaima pamthunzi wa kagolosale, pakati pa azimayi ogulitsa nthochi ndi matumba a anthu obwerera kumudzi. Alamu anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Inalira, eti?" anafunsa. "Mutatsitsa paja."

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Tulomboni uja munamumva? Pamene onse amakhala chete?"

Zikanakhala zosavuta kuvomeranso. Koma munthuyu anali atanamizidwa kokwanira tsiku limenelo. Ndinapukusa mutu, n'kuwasonyeza ndi dzanja kuti singano inakwezedwa tisanafike pamenepo.

"Aa, pepani mlamu," anatero, ndipo anaonekadi kuti andimvera chisoni. "Ndiye simunamve kanthu. Pamenepo ndiye pali nyimbo. Imani, imayenda chonchi."

Anandipatsa chipewa kuti ndiwagwirire. Anakweza dzanja lamanzere pakamwa, lamanja kutsogolo, n'kuyamba kuimba ndi milomo, pa siteji pomwepo. Mawu ankatuluka okwera kwambiri ndi okhota, chifukwa sankadzimva okha. Azimayi a nthochi anasiya kukambirana. Kondakitala wina anayamba kuseka n'kugunda mnzake ndi chigongono, ndipo nditamuyang'ana anasiya. Alamu sanaone zonsezo, maso anali atatsinzina. Pena ankaima, akuwerenga ndi phazi pamene bandi ikanayankha, kenaka n'kupitiriza. Minibasi inadzadza, dalaivala analiza hutala, ine n'kumukwezera dzanja kuti adikire. Ndinaima pomwepo ndi chipewa chawo m'manja, ndikumvera, mpaka anafika kumapeto.